Zimene Mutu wa Bambo Minko Unanena

Kodi bambo Minko anavomera, kapena anakana? Talotani nanunso, pakuti funso limeneli linang'amba banja lawo pakati tsiku lina Lachisanu, m'nyengo yothyola maluwa a rozi, ndipo mboni imene inaona zonse inangotulutsa liwu limodzi lokha: "Kimna."

Nevena, mwana wawo wamkulu, panalibe pamene zinkachitika. Anali kumunda kuyambira mbandakucha, chifukwa maluwa a rozi amathyoledwa mame asanakamuke. Dzuwa likangokwera, mafuta ake amathawa. Anabwerera kumudzi zala zitada ndi phula la maluwa, mikono itakandidwa ndi minga, msana ukuwawa ngati wamenyedwa ndi mtengo. M'njira monse ankangoganiza zokasambitsa bambo ake, kuwameta ndevu ndi kuwadyetsa. Chiyambire nyengo yozizira, pamene sitiroko inawagwetsa pafupi ndi khola la nkhuku n'kuwapha mbali yakumanja ndi lilime lomwe, ntchito imeneyi inali yake yekha.

Atakankha chipata, anapeza galimoto ya mlongo wake Zdravko itatsegulidwa zitseko zonse. Zdravko anali atafika kumayambiriro kwa sabata kuchokera ku Spain kumene ankakhala, iye ndi mkazi wake Nuria, mayi wa komweko. Tsopano anali atagwada kumbuyo kwa galimotoyo, akukankhiramo chikuku choyendera odwala cha bambo awo chitapindidwa.

"Ukutani ndi chikuku cha atate?" anafunsa Nevena.

"Chalowa, achemwali," anatero Zdravko osatembenuka. "Ndimaopa kuti chikana. Chikwama chawo chikhala pamwambapa."

"Ndakufunsa kuti ukutani."

Zdravko anadzuka n'kupukuta manja pa thalauza. "Avomera. Tinyamuka nawo Lamulungu."

Nkhaniyi sinali yachilendo. Chifikireni, Zdravko ankaimba nyimbo imodzi: kuti pafupi ndi mzinda wa Valencia pali malo ophunzitsa anthu a sitiroko kuyenda ndi kulankhula, kuti nyumba yake ili ndi chikepe, kuti kumeneko chipale chofewa sichigwa, kuti adzukulu akufuna agogo awo. Nevena naye ankayankha chimodzimodzi: kuti bambo awo anabadwira m'nyumba imeneyi, kuti mkazi wawo anagona kumanda a pamtunda paja, ndiponso kuti munthu si thumba la mbatata loti n'kumadutsa nalo malire. Anagwirizana chinthu chimodzi chokha, kuti mwini wake ndiye anene. Koma tsiku lililonse Nevena ankati ayambe apeza kaye mphamvu, ndipo funsolo linkangokhala losafunsidwa.

"Wawafunsa ndani?"

"Nuria."

"Nuria! M'chilankhulo chanji?"

"Chathu chomwechi. Wakhala akuphunzira, iwe sufuna kumumvetsera basi."

"Nanga iwe unali kuti?"

"Kunja, pa foni. Koma lelya Donka analipo. Afunse wekha."

Lelya Donka, mayi wamasiye wa nyumba yoyandikana nayo, ndiwo ankakhala ndi wodwalayo m'mawa uliwonse Nevena akakhala kumunda. Sanali mbale wa aliyense, koma mudzi wonse unkawatcha lelya, azakhali. Anali atakhala mumthunzi wa mpesa, akusenda nkhaka pang'onopang'ono ngati sakumva kanthu.

Nevena anaponya thumba lopanda kanthu pansi n'kuwaimirira kutsogolo. "Lelya, chachitika n'chiyani m'nyumba mwanga?"

"Palibe chachitika, mwanawe. Mlamu wakoyo anagwada pafupi ndi bedi, anawagwira dzanja labwinolo, anati, ‘Tate, mufuna kupita ndi ife?' Anatchula bwino ndithu, ndinamva ndi makutu angawa. Ndiye a Minko kimna."

Liwu limeneli Nevena anakula nalo, ndipo anali asanaliyang'anepo kawiri. Limangonena kuti munthu wapereka chizindikiro ndi mutu. Ukakumana ndi mnzako pamsewu uli ndi changu, kimna. Wansembe akafuna kuti oimba ayambe, kimna. Mkazi akafuna kuuza mwamuna wake pagulu kuti mowa wakwana, kimna. Koma liwulo silinena kuti mutu unapita kuti, ndipo silinena chimene mtima unafuna. Tsiku limeneli linamuterera m'manja ngati sopo wonyowa.

"Kimna bwanji?"

"Kimna basi. Kodi alipo angati ma kimna?"

Zdravko anali atatulutsa kale foni. Anagogoda ndi chala kufufuza tanthauzo la liwulo, kenaka anawerenga mokweza ngati mphunzitsi. "Tamvera, achemwali. ‘Kugwedeza mutu popereka moni kapena povomera.' Wamva? Povomera. Si ine ndalemba."

Nevena anam'tsomphola foniyo. Chala chake chakuda chinasiya mzere womata pagalasi pamene ankakweza mawuwo. "Kapena pokana!" anakuwa. "Zili pomwepa, mzere wotsatira! Werenga mpaka kumapeto, mbuzi iwe. Kusukulu unkachita zomwezi, kuwerenga theka la funso n'kumadabwa kuti walephera bwanji."

"Wandidetsera foni."

"Ikasambe kunyanja kwanu." Anaiponya patebulo n'kutembenukira kwa lelya Donka. "Siyani mpeniwo. Tisonyezeni ndi mutu wanu zimene atate achita."

Lelya Donka anaika mpeni pansi, anapukuta manja pa epuloni, anawongola khosi ngati akujambulitsa. Kenaka anadzutsa chibwano m'mwamba n'kuchitsitsa, anachidzutsanso n'kuchitsitsa.

Nevena anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Mwaona? Akana! Chotsa chikukucho m'galimoto mwako."

Kuno ngakhale mwana woyamwa amadziwa zimenezo. Wokana amadzutsa chibwano n'kuchitsitsa. Wovomera amapukusa mutu uku ndi uku. Ndi anthu a kutsidya kwa malire okha amene amachita zosemphana, ndipo palibe amene akudziwa chimene chinawasokoneza.

"Vuto lako ndikulidziwa," anapitiriza Nevena. "Mutu wako anakusinthira pamalire ngati ndalama. Unapereka wathu, anakupatsa wa eni ake. Ukuganiza kuti sindinamve za Lachiwiri? Mwini kantini akukufunsa kuti, ‘Khofi, Zdravko?' iwe n'kudzutsa chibwano ngati bulu wakana katundu, n'kukhala pampando kudikira khofi amene wamukana wekha. Akuti unadikira mpaka unayamba kukalipa. Mudzi wonse ukuseka, ngakhale kumunda lero azimayi amakuyerekeza."

"Aseke. Mano ndi awo."

"Ndiye lero waona bwanji? Sunaone n'komwe! Mkazi wako wakuuza kuti mutu wapita m'mwamba ndi pansi, iwe n'kuthamangira chikuku."

Zdravko anatola foni yake n'kuipukuta pa malaya. Nkhope yake inali itafiira mpaka m'makutu, koma analankhula motsitsa, ndipo kutsitsa kumeneko kunam'psetsa mtima Nevena kuposa kukuwa.

"Wamaliza? Tsono ndifunse ine. Wawafunsa ndani?"

"Wanena kale."

"Nena iwe."

"Mkazi wako."

"Mkazi wanga, wa ku Spain. Nanga atate ankagwira ntchito yanji moyo wawo wonse? Ankaweta nkhosa? Ankayendetsa lole, Nevena. Italy, Germany, Spain komweko. Wayiwala nkhani imene ankatiuza pa Khirisimasi iliyonse? Ulendo woyamba ku Italy, woperekera zakudya akuwafunsa ngati adakali kudya, iwo n'kupukusa mutu kuti inde, mbale ya nyama n'kupita. Anagona ndi njala m'lole. Kuyambira pamenepo, akamalankhula ndi mlendo amatembenuza mutu. Tsiku limene ndinkachoka, pokwerera basi ku Karlovo, anandigwira khutu n'kundiuza kuti, ‘Ukadutsa malire, utembenuze mutu, ungafe ndi njala.' Ndipo ndi Nuria akhala akuchita zomwezo chiyambire ukwati wathu. Kwa iye, m'mwamba ndi pansi ndi inde."

Mawuwo anam'lasa Nevena penapake pansi pa nthiti, chifukwa nkhani ya mbale ya nyama ankaikumbuka bwino. Koma sanalole kuti zioneke.

"Munthu wolephera kutchula madzi," anatero, "munthu amene ndimam'gwirira supuni, akumbuke ulemu wa alendo? Sitiroko inasesa zonsezo. Chatsala ndi chimene anayamwa kwa amayi awo."

"Chinafa ndi lilime, si nzeru. Ndiwe amene umawatenga ngati khanda."

"Lelya! Nkhope yawo inali bwanji? Munthu wovomera amaoneka."

"Nkhope iti, mwanawe?" anatero lelya Donka. "Theka lake linagwa, theka linalo limangokuyang'ana. Akanakhala ndi lilime tikanamva, pajatu wokana amatsonya pang'ono, tse! Koma lilime lija lili gone. Ine ndaona mutu ukuyenda. Zam'kati mwa mutumo musandifunse, sindinalowemo."

"Ndiye inu mukuti chiyani? Avomera kapena akana?"

"Ine ndati kimna. Pamenepo sindisuntha. Ndakalamba, sindifuna kudana ndi mwana wa mnzanga aliyense."

Nthawi yomweyo Nuria anatuluka m'khitchini atanyamula mbale yaikulu ya chambiko, kuti lelya Donka athiremo nkhaka ndi adyo. Anali mayi wamfupi, wa maso aakulu, ndipo anali atavala epuloni ya malemu amayi awo a Nevena. Epuloniyo yokha inawonjezera nkhuni pamoto.

"Iwe," anatero Nevena, "anakutuma ndani kukafunsa atate anga?"

Nuria anaika mbale patebulo. Chilankhulo cha kuno ankachitola liwu limodzilimodzi ngati munthu woyenda pa miyala ya mumtsinje. "Palibe kutuma. Atate, dzanja. Tsiku lonse dzanja. Kuloza mpando, mpando iwe kugona usiku. Kenaka kuloza windo, galimoto. Mpando, galimoto. Ine kufunsa basi."

"Akuloza galimoto chifukwa mwaiimika pa maluwa a amayi! Tayala lili pakati pa bedi la maluwa, taonani! Munthu akukuuzani kuti chotsani chigalimoto chanucho, inu n'kumamva kuti ndinyamuleni!"

"Ine kuona maso," anatero Nuria mosabwerera m'mbuyo. "Maso kunena inde."

"Maso! Wakhala nawo masiku owerengeka, lero ukuwerenga maso? Ine ndimadziwa akafuna kutembenuzidwa asanasunthe n'komwe. Ndimadziwa akafuna poto. Wawagwirirapo poto iwe?"

"Lankhula ndi ine, usiye mkazi wanga," anatero Zdravko.

"Ndilankhula nawe, usadandaule. Unali kuti pamene ndinawapeza atagona m'chipale chofewa, nkhuku zikuwadumpha? Ndinawakoka ndekha mpaka pakhomo, ambulansi itakanika kukwera msewu. Unali kuti pamene ndinasiya ntchito yanga mumzinda wa Plovdiv, ntchito yokhala pampando, n'kubwera kudzathyola maluwa ngati mtsikana? Iwe unkatumiza zithunzi. Malalanje. Nyanja. Ana atavala zipewa. ‘Uwaonetse atate, asangalale.' Lero wabwera ndi galimoto yonyezimira kudzatenga munthu wosambitsidwa kale, wometedwa kale, wopanda chilonda ngakhale chimodzi kumsana. Kafunse kuchipatala kuti odwala otere amakhala bwanji kumsana!"

"Palibe akutsutsa kuti wagwira ntchito."

"Ndiye khala chete!"

"Sindikhala chete. Ndinakuuza kuti ndilipire mayi wokuthandiza, unakana. Ndinakuuza kuti nawenso ubwere, chipinda chilipo, unakana. Mavuto umawakonda, achemwali. Umawavala pachifuwa ngati mendulo, kuti mudzi wonse uziti, ‘Taonani Nevena, woyera mtima wathu.' Atate akachoka, uvala chiyani?"

"Bwereza."

"Ndipo woyera mtima amakuwa. Ukuganiza kuti makoma awa ndi ochindikala? Dzulo ndinamva ndili kumunda kwa mphesa. Msuzi pang'ono pansalu, iwe, ‘Mukundipha, tate! Mukundipha!' Lelya, ndikunama? Ndi dzulo lokha?"

Lelya Donka anatola mpeni wawo n'kuyamba kusenda nkhaka yosendedwa kale.

Nevena sanadziwe nthawi imene dzanja lake linafika pa mbale. Anangomva kuphwanyika, n'kuona chambiko chitamwazika pa simenti, china chikuyenderera pa nsapato zoyera za Zdravko. Nuria anagwira pakamwa. Galu wa kutsidya kwa mpanda anayamba kuuwa. Mikwingwirima ya minga pa mikono ya Nevena inkayabwa ngati yathiridwa mchere. Mawu aja Nevena anawanenadi dzulo lake. Nsaluyo anali atangoichapa kumene, anali asanagone bwino usiku, ndipo msuzi unayenderera mpaka pa matiresi. Bambo ake anangotseka maso. Koma kuti mawuwo awabweze pakamwa ndi munthu amene sanachapepo nsalu ngakhale imodzi, zimenezo ndiye zinali zosapiririka.

"Mbale ya amayi anu imeneyo," anatero lelya Donka, akuyang'ana zidutswa. Kenaka anawaloza onse awiri ndi mpeni. "Ana inu, mwandikwana. Mukulimbana ndi liwu ngati mwini mutu tinamuika kale. Kodi pachipata paja tamata chithunzi chawo cholengeza maliro pafupi ndi cha amayi anu? Munthu ali moyo, ali m'chipinda umo. Kawafunseni."

"Tiye," anatero Zdravko, akugwedeza phazi kuti chambiko chichoke.

Nevena anam'pitirira n'kuima pakhomo, manja atagwira mafelemu onse awiri. "Agona."

"Sanagone. Wailesi ikulira."

"Adokotala anati asamavutitsidwe maganizo."

"Sabata yonse wakhala ukubisala kumbuyo kwa adokotala. Choka pakhomo."

"Undichotse."

Anayang'anizana, mphuno pafupi kugundana, monga ankachitira ali ana polimbirana njinga. Zdravko anali wamtali tsopano, koma Nevena anali ndi mapewa a munthu wonyamula bambo ake tsiku ndi tsiku.

"Ukalowa iwe," anatero Nevena, "akuyankha ndi mutu uti? Ndiwe wakuno kapena wakunja? Ngakhale mwini kantini walephera kukudziwa. Atate adzutsa chibwano, iwe uti avomera, ine nditi akana, tibwerera pomwe tili pano."

 Zdravko anabwerera m'mbuyo.

"Chabwino," anatero. "Lowa wekha. Kwa iwe ali ndi mutu umodzi wokha. Akakana, chikukucho ndichitsitsa ndi manja angawa, ndipo nkhani imeneyi sudzaimvanso pakamwa panga. Koma uwafunse, Nevena. Usawauze. Uwafunse."

"Usandiphunzitse kulankhula ndi atate anga."

Analowa n'kumenyetsa chitseko, mpaka laimu anagwa pakhoma.

M'chipindamo munali kamdima kozizira, mukununkha mankhwala opaka ndi sopo. Bambo Minko anali atatsamira mapilo, maso ali kuzenera. Zeneralo linali lotsegula, ndipo kuchokera pabedi munthu ankatha kuona mpesa, tebulo ndi kumbuyo kwa galimoto. Anali munthu wamkulu thupi kale, wa mawu ogwedeza magalasi. Tsopano malaya ogonera ankawalendewera m'mapewa. Pafupi ndi bedi panali mpando wa Nevena, bulangete lake litapindidwa pamwamba.

Nevena anatseka wailesi. Sanawayang'ane. Anathira mafuta ophikira m'manja n'kupaka mpaka phula la maluwa litasungunuka, anasamba ndi sopo, kenaka anabweretsa beseni, thaulo ndi lumo. Kumeta kunali kwa tsiku limenelo ndithu, ndipo palibe akanamuuza kuti asinthe dongosolo lake chifukwa cha alendo.

Anawanyowetsa masaya. "Atentha madziwa?"

Bambo Minko anadzutsa chibwano n'kuchitsitsa. Ayi.

"Musasunthe kwambiri, ndingakuchekeni." Anapaka thovu, anayamba ndi mbali yakufa, imene inkafuna kuikoka ndi zala kuti lumo liyende. "Mwamva zonse, eti? Zenera lili pululu."

Mutu unapita uku ndi uku. Inde.

"Mwamvanso mbale ya amayi?"

Uku ndi uku.

"Ndaswa ine. Ndipo sindipepesa. Za dzulonso sindipepesa, musayembekezere. Munthu amatopa." Anatsuka lumo m'beseni mwamphamvu, madzi n'kudumphira pansi. "Mwana wanu uja akuganiza kuti kumeneko akakuikani m'manja mwa angelo. Akakusiyani m'mawa ndi anthu osadziwa dzina la mudzi wanu, iye n'kupita kuntchito. Akakupatsani nsomba tsiku lililonse, inu amene nsomba simuifuna n'kununkhiza komwe. Ndani akakuphikireni nyemba mmene mumazifunira? Nuria? Amathira mpunga m'chilichonse. Ndipo mukafera kumeneko? Amayi agone okha pamtunda paja, pambali pawo pamere udzu?"

Bambo Minko sanasunthe mutu. Limenelo silinali funso lenileni, ndipo Nevena anadziwa kuti akuchita ndendende zimene Zdravko ananena. Kudziwa kumeneko kunangowonjezera ukali. Anameta pansi pa mphuno mofulumira, anapukuta ndi thaulo, anaponya thaulolo pa mpando.

Pamene ankanyamula beseni, dzanja lamanzere la bambo ake linam'gwira pamkono. Linali lidakali ndi mphamvu, dzanja logwira chiwongolero zaka zambiri. Anautembenuza mkonowo n'kuuyang'anitsitsa: mikwingwirima yatsopano pamwamba pa yakale, mitsempha yotupa, khungu losweka ndi sopo wochapira. Chala chawo chachikulu chinayenda pang'onopang'ono pa chilonda chimodzi. Pakhosi pawo panatuluka kaphokoso kosamveka, kamene sikanafike pokhala liwu.

Nevena anausolola mkonowo. "Ndi minga chabe. Musandimvere chisoni, sindinakupempheni."

Anaika beseni pansi. Kunja kunali zii. Ngakhale galu uja anali atasiya. Anadziwa kuti atatu aja aima pansi pa mpesa, makutu ali kuzenera. Anapita n'kulitseka, anakokanso katani. Kenaka anaima kumiyendo kwa bedi, pamene bambo ake akanamuona bwinobwino, manja ali m'chiuno.

"Ndiyang'aneni, tate. Ndine Nevena. Ndinabadwira m'chipinda chino, malire sindinawadutsepo, ndipo mutu wanga ndi womwe munandipatsa inu. Musandichitire ulemu wa alendo. Mundiyankhe mwa kwathu. Mwamva?"

Uku ndi uku.

 Mawu a Nevena anatuluka okalipa kuposa mmene anafunira.

"Mukufuna kupita ndi Zdravko?"

Bambo Minko anamuyang'ana nthawi yaitali, diso lamoyo lija litadzaza madzi. Kenaka mutu wometedwa bwinowo unayenda pa pilo, pang'onopang'ono, kumanzere, kumanja, kumanzerenso.

Bambo Minko anali atavomera.